Chikuto cha Mfumu Yopereka Makiyi

Dzulo mdzukulu wanga ankakutira kope ndi kalendala yakale. Fungo lake linandikumbutsa madrasa athu ku Ntaja.

Kope langa amayi analikutira ndi kalendala ya ansembe omwe ankawachapira zovala. Panali chithunzi cha mfumu yovala nduwira ikupereka makiyi kwa anthu onyamula mitanda.

Amwalimu, aphunzitsi athu a ku madrasako, anachiona.

"Ukuona chiyani apa?" anandifunsa, ndodo ili m'manja.

"Akulandira alendo. Akuwapatsa nyumba agonemo."

"Iyayi, mwanangu. Msilamuyu akumulanda dziko, ku Sipeini kalekale. Wojambulayo akunyadira."

Ndinatseka maso, kudikira ndodo. Koma iwo anamasula chikutocho, anachitembenuza, n'kukutiranso kopelo, koyera kunja.

Ndazindikira nditakula: amwalimu ankadziwa kuti amayi analibe pepala lina.