Tsiku limene ndinamana mwana bere

Linali Lachinayi, 1 koloko masana, pamene mayi wa khomo loyandikana ndi lathu anandibweretsera nkhuku yowotcha m'mbale. Tinali titangosamuka kumene ku Mongue kubwera ku Milange, chifukwa amuna anga anapeza ganyu yonyamula matumba panjinga kupita ku Muloza. Mwana wanga wamkazi anali asanayambe kukwawa. Phala ankangolawa, moyo wake unali bere.

Mayiyo ankagulitsa nkhuku zowotcha kumsika. Tinkangopatsana moni basi, ine maso ali pansi. Tsikulo anangofika n'kukhala pakhonde panga, akunditchula vizinya, mawu achipwitikizi oitanira woyandikana naye nyumba.

"Vizinya, idyani. Mwauma ngati phesi, mwanayu akukumalizani."

Kwathu munthu akakupatsa chakudya amayamba wabenthula pang'ono n'kudya iwe ukuona. Iye sanatero. Anapinda manja n'kumandiyang'ana. Ndinadikira, iyenso anadikira. Kukana ndinachita manyazi, ndiye ndinadya. Nthuli yoyamba inandiwotcha mpaka m'makutu, misozi ndi mamina chuchuchu.

"Ndi piripiri chabe ameneyo," anatero akuseka. "Msuziwo musasiye."

Sindinasiye.

Dzuwa litapendeka m'mimba munayamba kubangula, kenako kupotokola ngati wina akufinya nsalu ya kapulana yonyowa. Chimbudzi chinali chimodzi cha makomo onse, ndipo njira yake inkadutsa pakhonde pa mayi yemweyo. Ndinkapita chowerama, mwana ali kumsana. Kumeneko kunkawotcha ngati ndakhalira mbaula. Ndinkaluma nsonga ya kapulana kuti anthu asandimve ndikubuula.

"Mwabweranso, vizinya?" anafuula. "Tengani madzi m'chitini, pepala likuphani!"

Pamenepo mtima unayamba kundifunsa. Munthu wogulitsa nkhuku angapatse mlendo ntchafu yonse yaulere chifukwa chiyani? Bwanji anakakamira msuzi? Tsabola ndinkamudziwa, kwathu timathira pang'ono m'ndiwo, koma sanandigwetsepo chonchi. Ndinaganiza kuti anachulutsa dala kuti lilime lisamve china chimene anaikamo. Ndipo bwanji ankandiwerenga maulendo ngati akudikira kuti ndigwa liti?

Mwana anayamba kufunafuna pachifuwa. Ndinatsala pang'ono kumupatsa, koma ndinaganiza kuti chimene chalowa mwa ine chatsikira kale mumkaka. Ndinamanga kapulana mpaka m'khwapa. Ndinamuphikira phala lamadzi, anameza pang'ono, lina analavula. Analira mpaka mawu anasasa, akundikanda ndi tizikhadabo take.

Amuna anga anafika chakumadzulo, anatsamiritsa njinga pakhoma.

"Mwanayu akuliriranji chonchi?"

Ndinawauza monong'ona, chifukwa khoma lathu ndi la mayiyo linali limodzi. Anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Nkhuku ya mayi uja? Ife anjinga inatithamangitsa tonse. Ukadya lero, mawa umapalasa choimirira, chishalo osachikhudza."

"Nanga bwanji sanalawe?"

"Kuno n'kutauni, mayi a mwana. Akamalawa nkhuku iliyonse agulitsa mafupa? Muyamwitseni mwanayo."

"Akatsegula m'mimba ngati ine, kakang'ono chonchi, mudzasekanso?"

Amuna anga anamunyamula mwanayo n'kumayenda naye pabwalo, akumuimbira nyimbo ya kutchalitchi, mpaka anagona ndi njala yake. Ine ndinamwa madzi a mchere ndi shuga, koma kukhala pansi sindinkatha, ndinkagonera cham'mbali.

M'mawa ndinadzuka wamoyo. M'mimba munali mutaleka, kungotsala kunyerenyetsa kumbuyo. Mabere anali atalimba ngati mapapaya osapsa, mkaka ukudontha wokha, ndipo mwana anali atayambiranso kulira. Komabe mtima sunakhazikike. Ndinatola kachivindikiro ka botolo, ndinafinyiramo mkaka, n'kukaika kuseri kwa nyumba pamene nyerere zimadutsa pamzere. Ndinanjuta pomwepo n'kumayang'ana ngati zife zikamwa. Zinabwera, zinazungulira m'mphepete, zinamwa. Ndinatsatira imodzi ndi maso mpaka inalowa kuuna kwake, ikuyenda bwinobwino. Ndinatsatiranso ina.

"Vizinya, kwacha bwanji kumbuyoko?" mayi uja anafuula ali pakhonde pake, akunola mpeni.

"Kwacha bwino," ndinayankha chapansipansi.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinamasula kapulana. Mwana anagwira bere ndi manja onse awiri, akumeza mokoka mpweya, ine ndikumuyang'ana kumaso osaphethira.