Mawu a pa Chiliza cha Melody

M'mawa uliwonse, asanalowe m'chipinda cha kumapeto, a Clotilda ankaimika kangolo kawo ka ndowa ndi mopu pakhomo, n'kuwomba m'manja chapansipansi.

"Odi kuno," ankatero, kenako n'kulowa.

Tinkagwira limodzi ntchito yoyeretsa m'nyumba ina yosungiramo zinthu zakale m'katikati mwa Dublin. Tinkakhalanso nyumba imodzi ku Ongar, kwa mayi Scholastica, ndipo tinkakwera basi imodzi kusanache bwinobwino. Ndinawaona akuwomba m'manja choncho kwa miyezi, osafunsa. Tsiku lina anacheuka n'kundipeza ndikuwayang'ana.

"Ukudabwa chiyani, mwanawe? Muli manda umu. Kumanda salowa ngati kukhitchini."

M'chipindamo munali makabati agalasi odzaza mapale ndi mitsuko yosweka. Pa zonsezo panali zilembo zokandakanda ngati mapazi a nkhuku pamatope. Timapepala tachingerezi tinkanena kuti analemba ndi Afoinike, anthu amalonda apanyanja a ku Turo ndi Sidoni, mayina amene timangowamva kutchalitchi. Pa mapale ena panali dzina la mwini mtsuko basi. Koma pakona panali mwala wotuwa wofika m'bondo, wobenthuka mbali imodzi. Kapepala kake kankati mwalawo anauimika ndi mayi wina pamanda a mwana wake wamkazi, ndipo mayina a onse awiri analipo.

A Clotilda anamvapo mzungu woonetsa alendo akufotokoza kuti anthuwo ankalemba kuyambira kumanja kupita kumanzere, ndipo sankalemba a, e, i, o, u, moti palibe amene akudziwa bwinobwino mmene mayinawo ankamvekera pakamwa. Zimenezo sizinawadetse nkhawa. Galasi la mwalawo ankalipukuta pang'onopang'ono kuposa ena onse, mpaka Declan, kapitawo wathu, ankasuzumira n'kuloza wotchi.

A Clotilda kwawo kunali ku Bvumbwe, kumene ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde la golosale. Chimene chinawathawitsa sankachitchula. Kuseri kwa khutu lawo la kumanzere kunali chipsera chachitali, ndipo dzina la mwamuna wawo sindinalimvepo. Anasiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Melody, asanakwanitse zaka ziwiri, m'manja mwa mng'ono wawo Thelma, amene panthawiyo analibe mwana. Ankaganiza kuti pakatha chaka amuitanitsa. M'malo mwake anakhala zaka zambiri kuhositelo ya anthu othawa kwawo odikira mapepala, akugona chipinda chimodzi ndi akazi a ku Congo ndi a ku Nigeria, akuona mwanayo akukula pafoni. Mano akugweruka pafoni. Ukaristia woyamba pafoni. Melody ankawatcha "amama a ku Ireland", Thelma ankangomutcha "amama".

Mapepala atatuluka anayamba kuyendetsa zoti mwanayo abwere. Zisanathe, Melody anadwala malungo m'nyengo ya dzinja ali Sitandade 8, ndipo anamwalira. Mapepala omwe anawapulumutsa aja sankawalola kupondanso ku Malawi. Maliro anawaoneranso pafoni.

Komabe kwa Amalawi onse a kuno, kuyambira ku Ongar mpaka ku Swords, iwo anali Amake Melody. Ena obwera kumene ankafunsa kuti, "Nanga Melodyyo ali kalasi yanji?" Iwo ankayankha kuti ali kumudzi, n'kusintha nkhani.

Chaka chitatha, abale anayamba kukamba za chiliza. M'mawa wina a Clotilda anaima patsogolo pa mwala uja, nsanza ili m'manja, osapukuta.

"Taona," anandiuza. "Mayi uyu anafa Yesu asanabadwe. Dziko lake linatha, chinenero chake chinatha. Koma ine wa ku Bvumbwe ndikudziwa kuti anabalapo. Ine ndikafa andikwirira kuno pakati pa azungu. Ndani adzadziwe kuti m'mimba muno munatuluka munthu?"

Ndinapitiriza kukolopa.

Masana omwewo, tikumwa tiyi m'kachipinda kathu ka antchito, anaimbira foni mchimwene wawo a Augustine, mwini mbumba, amene ankayendetsa za chilizacho. Foni yawo inali yong'aluka, moti ankaiika pa sipika.

"Achimwene, pamwalapo mulembepo dzina langa."

"Dzina lanu? Mwafa liti, achemwali, osatiuza?"

"Musaseke. Mulembe kuti wamanga chilizachi ndi mayi ake, Clotilda."

"Pachiliza timalemba wakufayo, tsiku lobadwa, tsiku lofa, usa mumtendere, basi. Zinazi mwaziona kuti? Zachizungu zimenezo."

"Si zachizungu. Ndi zakalekale."

"Nanga Thelma? Munthu anachapa matewera, anagona pansi m'chipatala, mwana anatsirizikira pamiyendo pake. Anthu akawerenga dzina lanu lokha ati chiyani?"

A Clotilda anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali.

"Mulembe tonse awiri. Ine Thelma sindikumulanda kanthu. Koma mulembe kuti ndine mayi ake."

"Chabwino, chabwino, tiona ndi wosema miyala ku Limbe. Kukuzizira kumeneko?"

Kuyambira tsiku limenelo anasintha. Ankayimba nyimbo za kwaya m'basi chamumtima, ankatenga mashifiti a anthu ena osadandaula. Tsiku lina anakokera Declan pamwala paja n'kumuuza m'chingerezi chawo chodukaduka kuti nawonso akhala ndi mwala wotero. Declan, amene ankangowatcha Tilda, anati ndi zabwino kwambiri, n'kuwakumbutsa za zimbudzi za m'mwamba.

Mwambo wa chiliza unali Loweruka m'mawa. Tinakhala m'khitchini mwa mayi Scholastica, atatu, titavala zitenje pamwamba pa mathalauza. Mayi Scholastica anali atangofika kuchokera kuntchito yawo yosamalira okalamba, maso atalemera ndi tulo, koma anakazinga mandasi. Foni tinaitsamiritsa pachitini cha shuga. Kunja kunkawaza kamvula kosatha kaja. Pafonipo panali dzuwa, mitengo ya bulugamu, azimayi a m'bungwe la kutchalitchi atavala zofiirira, ndi chinthu chachitali chokutidwa nsalu yoyera.

"Ee, koma mwala wake!" anatero mayi Scholastica. "Amake Melody, mwamangira mwana nyumba yosanja. A Augustine aja avala suti ya ukwati wawo? Mabatani akulira."

A Clotilda anaseka, misozi ili m'maso.

Abambo mfumu anapemphera, nawaza madzi odalitsa. Kenako wotsogolera mwambo anati, "Mayi a malemu abwere kutsogolo kuno adzavundukule."

A Clotilda anadzuka pampando. Anaima theka, manja ali patebulo. Pafoni paja Thelma anatuluka pakati pa azimayi, atagwiriziridwa mbali zonse, nakoka nsaluyo. A Clotilda anakhalanso pansi pang'onopang'ono, nakonza chitenje chawo.

Amene anagwira foni kumudziko anayandikitsa pamwalapo. Unali wakuda, wonyezimira, zilembo zake zagolide.

"Magalasi anga achita nthunzi," anatero a Clotilda. "Tawerenga iwe, maso ako ndi a mwana."

Ndinawerenga dzina la Melody, zaka zake, ndi mawu akuti usa mumtendere. Pansi pake panali mizere ina iwiri. Ndinaiona ndisanaitchule, ndipo ndinaima.

"Werenga."

"Chiliza ichi amanga ndi mayi ake Thelma," ndinawerenga, "ndi mayi ake aakulu Clotilda."

Kumudziko kwaya inali itayamba nyimbo.

"Wati chiyani?"

Ndinabwereza.

"Aakulu," anatero iwo, ngati akulawa mankhwala.

Aliyense wodutsa pamandapo, chaka chino kapena zidzukulu za zidzukulu, adzawerenga chinthu chimodzi: kuti anabala ndi Thelma, ndipo Clotilda anali mkulu wake wa mayiyo, wachifundo, amene anathandizapo.

Anadikira mpaka anthu atabalalika kumandako, n'kuimbira a Augustine. Kumbuyo kunkamveka mbale ndi phokoso la anthu akudya.

"Mwaona, achemwali? Dzina lanu lilipo, lagolide! Anthu akuyamikira kuno."

"Mwalemba kuti aakulu."

"Nanga wamkulu si inu? Wosema uja anafunsa kuti, mayi awiri mwana mmodzi, asiyana pati? Ine ndinati wina ndi wamkulu, wina ndi wamng'ono. Ndanama pamenepo?"

"Mayi aakulu ndi amene sanabale, achimwene. Mukudziwa."

"Aa, inunso. Ndi ulemu umenewo."

"Mukafufute."

"Si choko pabolodi chimenechi. Anachita kugoba ndi makina. Komanso abambo mfumu adalitsa kale. Mukufuna ndibwerere kumanda ndi nyundo, anthu aziti Augustine wapenga? Dikirani, nayu Thelma."

Mawu a Thelma anali osasa ndi kulira.

"Achemwali, ine mawuwo sindinawaone mpaka lero, ndikulumbira. Musandikwiyire."

"Sindinakwiye ndi iwe."

"Koma musadandaule kwambiri, palibe amene wadabwa kuno. Anthu anazolowera choncho. Ngakhale mwiniwake, anzake akamufunsa kuti nsapato wazitenga kuti, ankati anditumizira mayi anga aakulu a ku Ireland. Ankakunyadiranitu. Zithunzi zanu ankaonetsa aliyense."

Thelma ankanena zimenezi pofuna kuwatonthoza. Zinkamveka m'mawu ake. A Clotilda anati zikomo, apereke moni kwa onse, n'kudula foni.

Mayi Scholastica anawagwira paphewa.

"Amake Melody, musamvere za pamwala. Mulungu akudziwa amene anamva zowawa tsiku lobereka."

"Mulungu sapita kumanda kukawerenga ziliza, asisi. Amawerenga ndi anthu."

"Ndiye tidzasonkha, timange china."

"Nanga za m'kamwa mwa mwana tidzafufuta ndi chiyani?"

Mayi Scholastica anatola mbale ya mandasi n'kuivundikira.

Masana onsewo a Clotilda anakhala pampando womwewo, chitenje chili m'chiuno. Sanalire. Anafunsa ngati mvula yasiya, ngakhale zenera linali patsogolo pawo. Ine ndinkatsuka makapu oyera kale kuti ndisawasiye okha. Nthawi ina anayankhula, osandiyang'ana.

"Mayi wa kuntchito uja. Ndakhala ndikumupatsa moni chaka chonse. Mwina nayenso ndi amene anangolera. Mwina wobala weniweni anali kutsidya kwa nyanja, akukolopa m'nyumba za anthu, ndipo palibe anamulemba."

Ndinafuna kunena kuti kapepala kaja sikanatero. Koma kapepalako kankangonena zimene zili pamwala.

"Ndinamusiya akuyankhula mawu ochepa," anapitiriza. "Ankati 'mama', 'madzi', 'toto'. Ine ndimaganiza kuti 'mama' ameneyo ndinabwera naye kuno m'chikwama. Kani anatsala komweko."

Madzulo sanadye. Analowa kuchipinda kwawo dzuwa lisanalowe, ndipo sitinamve kanthu.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Mayi Scholastica anagogoda pachitseko chawo kuti tichedwa Misa, iwo anati tipite, atsala. Ine ndinabwerera pamasitepe kudzatenga ambulera, ndipo ndinawapeza m'khitchini atavala duku lakuda. Anali atagwada pansi pafupi ndi tebulo, monga amagwadira munthu wofika pasiwa, foni ili pampando patsogolo pawo. Sanandione, kapena sanasamale.

"Thelma, wadzuka bwanji, mng'ono wanga?"

"Ndadzuka, achemwali. Kaya inu? Mwagona koma?"

"Ndadzuka. Ndaimba chifukwa pali chimene sindinachite chaka chatha. Anthu onse anabwera kwa iwe, ine ndekha sindinabwere."

"Chiyaninso, achemwali?"

A Clotilda anaika manja awo pamodzi, naweramitsa mutu.

"Ndati ndipepese maliro. Pepa kwambiri, mayi. Pepa ndi imfa ya mwana wako."