Ndinasudzula Bambo wa Ana Atatu

Loweruka lapitali ndinachita chinthu chimene mwambo umaloleza, koma mtima wanga sukupeza pogona.

Mlongo wanga Rozina anamwalira mvula ikutha. Amuna ake, a Jelevaziyo, anakhala pachikamwini kwathu kufupi ndi Kasina zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dimba la kachewere lija mumaliona kumtsinje analiswa ndi iwowo. Ine ndiye wamkulu pambumba, choncho mawu owasudzula, owamasula kuti abwerere kwawo, anayenera kutuluka pakamwa panga.

Sindizungulira polankhula. Ndinati, "Alamu, zathu zatha. Mutha kupita kwanu ku Chimbiya. Ana ndi athu."

Sanatsutse. Anangovula chipewa n'kuyamba kundiuza za ana.

"Tereza ali ndi mphumu, alamu. Chisanu chino muzimuveka majuzi awiri, sanena akazizidwa. Piyo akakhala chete ndiye kuti amunyoza kusukulu, musamufunse pagulu. Wamkuluyo…"

Ndinawadula mawu. "Mukundiphunzitsa kulera ana a mlongo wanga? Munabwera nawo kuno anawa?"

"Ayi alamu. Kungoti mayi awo kulibe. Wodziwa zimenezi ndatsala ndekha."

Anakoleka chikwama paphewa, khasu m'manja. Atafika pamkungudza wa kumapeto kwa bwalo anatembenuka.

"Ndawasiya m'manja mwa Atate amene simungawasudzule."

Ndikanakhala ndi mwala pafupi, kaya. Ndinakuwa kuti asandilalikire pakhomo pa amayi anga. Iwo anangotsetsereka kulowera kumsewu, ana atatu ataima pakhonde ngati alendo.

Lachitatu tinali ndi mapemphero a mphakati pakhomo pomwepo. Tonse tinayamba kuitana Mulungu kuti Atate, monga timachitira masiku onse osaganiza n'komwe. Ine ndinalephera kuwatchula mawuwo. Ndinayang'ana Piyo. Milomo yake sinkagwedezeka.

Abale anga, tiyeni tinene zoona. Timati mkamwini asamakule mwendo, ndipo timaseka. Mwamuna alime, amange nyumba ya njerwa, abereke mwana wodwala kumsana mpaka kuchipatala cha mishoni, koma maliro akangotha timamuonetsa njira ngati waganyu amene wamaliza ndime yake. Kenako Lamulungu timavala majekete n'kukauza ana omwewo kuti Mulungu ndi Atate wachikondi.

Mwanayo amve chiyani? Atate amene iye akuwadziwa ndi munthu wotheka kuthamangitsidwa ndi amalume aukali.

Sindikunyoza mwambo. Unateteza ana ambiri amene abambo awo anali zidakwa, ndipo ena ndikuwadziwa ndi mayina. Koma mwambowo sunafunse ngati a Jelevaziyo ndi mmodzi wa iwo. Inenso sindinafunse.

Chimene chandiswa mtima n'chakuti Mulungu amene ndinaphunzira pakatekisimu amafanana ndi alamu angawo, osati ndi ine. Amadziwa mwana amene sanena akazizidwa. Timamunyoza pabwalo, Iye osabwezera. Timamuuza kuti zathu zatha, Iye akadali kudera nkhawa za chifuwa chathu. Ine ndinali ndi udindo. Iwo anali ndi chikondi. Ndipo wopita anali iwowo.

Ndikhulupirira kuti Atate akumwamba sawataya ana atatuwa. Koma kodi si Iwo omwe anawapatsa bambo wamoyo, wamanja awiri, amene ine ndamukweza minibasi?

Dzulo ndinauza azakhali anga kuti ndikufuna kukawatenga alamu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, wafewa liti? Mudzi udzakuseka. Wosudzulidwa sabwerera."

Mwina udzandisekadi. Zaka makumi asanu zakubadwa, sindikumbuka tsiku limene ndinanena "pepani" kwa mwamuna mnzanga. Sindikudziwanso ngati akandilandira, kapena akangondipatsa mpando n'kundiyang'ana.

Mawa ndikwera ya ku Chimbiya. Inu amalume anzanga amene mukuwerenga, ndiuzeni: pakamwa pomwe panati "pitani" pamaso pa ana, pamayambira pati kunena "bwererani"?