Unkhoswe wa pa Foni

Masiku ano ndimakhala mosungira katundu ku Investments Park kuno ku Dubai, kuyang'anira makatoni a mawaya amene mawondo anga sangathenso kukwera nawo makwerero. Kampani imene inandithera mawondowo inagulidwa kale ndi ina yaikulu, ndipo achinyamata obwera kudzatenga katundu sadziwa n'komwe kuti inaliko. Kwa iwo ndine mdala wa makiyi basi. Sindiwaimba mlandu, nanenso kufotokoza kunanditopetsa.

Pamene ndinkalowa ntchito, kampaniyo inali kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu ya telala ku Karama. Kuno ndinabwera ngati mlonda wa pahotelo, nthawi imene Amalawi tinali ochepa moti ukamva munthu akuyankhula Chichewa m'basi unkatsika pamene watsikira iyeyo, ngakhale kwanu kukadali kutali. Mwini kampaniyo, Mwarabu wa ku Lebanon wosadziwa kukhala pansi, anabwera kudzalumikiza makompyuta a hoteloyo ndipo ine ndinamugwirira makwerero osatumidwa. Anandifunsa ngati ndimaopa m'mwamba. Ndinati ayi, ntchito n'kupezeka pomwepo.

Intaneti inali itangofika kumene. Tinayamba ndi timashopu timene anthu ankakhalamo pamzere kudikira kompyuta kuti alembere abale kwawo. Ine yanga inali kukwawa m'siling'i n'kumakoka mawaya, fumbi lili m'mphuno, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Koma bwana maso ake sanali pa timashopu. Nzeru yake inali imodzi, ndipo ankatiimbira mmawa uliwonse: lowa m'khoma nyumba isanapakidwe penti. Nyumba zitalizitali zinkangomera mumchenga nthawi imeneyo. Iye ankapita kwa omanga kukawauza kuti tiwaikira mawaya onse pamtengo wongotaya, bola aliyense wodzachita lendi m'menemo azidzalumikizidwa ndi ife. Ankadziwa kuti munthu akapeza kabowo ka intaneti kali kale pakhoma la ofesi yake, sangagumule khoma kuti aitane ena.

Kampani ina yaing'ono ikayamba kutilanda nyumba, bwana sankalimbana nayo. Ankaigula, anthu ake ndi magalimoto omwe. Mmawa unkangoona munthu amene dzulo munkatukwanizana naye pageti wavala malaya ngati ako, mwinanso ndiye kapitao wako watsopano. Tinasamuka ku Karama kupita ku Al Qusais, dzina la kampani linalembedwa pamagalimoto, ndipo kunena zoona ndinkanyada nazo. Ndikadutsa pamsewu waukulu ndinkaloza nyumba ndi mlomo n'kumati umo muli manja anga.

Chimene sindinachione msanga n'chakuti kampani ikamakula, tchuthi chimathawa. Mapasipoti athu ankakhala mu sefu ya bwana. Ukapempha wako ankakugwira paphewa mwachikondi ndithu, n'kunena kuti, "Inshallah, Mulungu akalola, habibi mnzanga, tikamaliza nyumba iyi." Nyumbayo isanathe, ina inali atasainira kale. Ndinkadzitonthoza kuti walira mvula walira matope, ntchito ndinaifuna ndekha.

Tsiku lina mlongo wanga anandiimbira ali pamalo oimbira foni paboma ku Dedza.

"Achimwene, mwana wanu wapeza banja," anatero. "Akuchimuna akufuna tsiku la chinkhoswe. Tikudikira inu."

Ankanena mwana wake woyamba, mtsikana amene ndinkamukweza panjinga popita naye kusukulu ndisanabwere kuno. M'mimba mwa amayi mwamuna ndinabadwa ndekha, ndiye mwini mbumba ndi ine. Nkhoswe ya mtsikanayo sakanakhala wina. Banja likavuta, kothawira kwake kukanakhala kwa ine, ndipo mwamuna wake akanadziwa kuti kumbuyo kwa mkaziyu kuli munthu. Ndinamuuza mlongo wanga kuti atchule tsiku, ndibwera.

Mwatsoka, inali nyengo imene makampani a intaneti kunja ankagwa motsatizana. Ena onse anagwira m'mutu, koma bwana wathu anaona mwayi. Anagula makampani amene ankatsamwa, pamodzi ndi nyumba ina yaitali imene makampaniwo anaisiya ntchito ili pakati. Opaka penti anali atayamba kale m'munsi. Nditapita kukapempha tchuthi, bwana ndinamupeza mu ofesi akuyankhula pa mafoni awiri.

"Ukwati ndi wako?" anandifunsa.

"Ndi wa mwana wa mlongo wanga, bwana."

"Bambo ake anamwalira?"

"Alipo."

"Khalas, yatha basi. Ndiye iwe ukukatani? Yalla, tiye kuntchito, tikamaliza nyumba iyi upita mwezi wathunthu."

Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu bambo amabereka koma mwini ana ndi malume. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza, foni ina n'kulira. Ndinatuluka mtima ukuwawa, koma kothawira kunalibe.

Ndiye ndinaganiza nzeru imene munthu wokoka mawaya yekha angaganize. Tsiku ndi tsiku ndinkamva bwana akuuza makasitomala kuti kutalika kwa mtunda kunatha, munthu angathe kuchita msonkhano ali kutsidya kwa nyanja. Ndinazimva mpaka ndinazikhulupirira. Ndinamuuza mlongo wanga kuti asasinthe tsiku, unkhoswe ndidzauchita pa foni. Anangoti, "Mwina inu mukudziwa, achimwene."

M'dera lonse la kwathu foni ya m'manja inali ndi mlangizi wa zaulimi yekha, ndipo inkagwira pachulu china kuseri kwa khola. Anaibwereka. Woigwira anali mphwanga, mwana wa amayi aang'ono, munthu wabwino koma wofatsa moti mbuzi ikamulowera m'munda ndiye amayamba kupepesa. Foniyo inkamveka kwa munthu mmodzi yekha, ndiye ntchito yake inali kubwereza mawu anga kwa anthu.

Tsikulo ndinagula makhadi oimbira, ndipo nthawi ya chakudya chamasana ndinakwera pamwamba pa nyumba ija, kumene mawindo anali asanaikidwe. Ndinakhala pamkulungo wa mawaya, nditavala chisoti. Kumudziko akuluakulu anasiya mphasa pamthunzi n'kuyenda kupita kuchulu, atavala majekete, kudutsa m'ndowe za ng'ombe, chifukwa cha ine.

Mawu pa foni yakutali ankachedwa kufika. Ndinapereka moni, kunali zii. Ndinaganiza kuti sanamve, ndinabwereza mokweza, osadziwa kuti malume a mnyamata wokwatirayo, nkhoswe ya kuchimuna, anali atangoyamba kuyankhula. Ndikakhala chete, nawonso ankakhala chete kundidikira. Ndikayamba, ankakhala atayamba kale. Pansi panga wina anayatsa makina oboolera khoma. Ndinamva mawu a munthu wamkulu chapatali akufunsa kuti, "Kodi ku Dubai akulu akamayankhula amawadula chonchi?" Anthu anaseka. Manyazi anandigwira ndili ndekhandekha pamwamba pa nyumba ya eni.

Tinakankha choncho. Tambala ndi msoti anapatsana, mphwanga akundiuza zonse monong'ona ngati woulutsa mpira wamantha. Kenako anati, "Achimwene, nkhuku yowotcha yabwera. Akuti ankhoswe adye."

Apa nzeru zanga zinathera. Nkhoswe ya kuchimuna inatenga foni ija, ndipo ulendo uno ndinaluma lilime mpaka mkuluyo atamaliza.

"Akulu anzanga, sitikukana kuti mbumba ndi yanu," anatero mofatsa. "Koma nkhuku iyi amadya ndi anthu amene ana awa akayambana adzawagogodera pakhomo. Nanga kwanuko tidzagogoda bwanji?"

Ndinayang'ana kunja, kumene nyumba zina zinkamangidwa mpaka kotha maso. Ndinati adye mphwanga. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa m'dziko lopanda mvula. Ndinatsika, ndinatenga mawaya anga, chifukwa opaka penti anali atatsala pang'ono kutipeza.

Kumudzi ndinadzapitako ndithu, nyumba zina zingapo zitatha. Mtsikanayo ndinamupeza ali ndi mwana kumbuyo. Anagwada, anandipatsa moni, anati zonse zili bwino. Ulendo uliwonse unali choncho, masabata ochepa othera m'moni ndi m'maliro amene anandidutsa. Kampani inakula mpaka bwana anaigulitsa n'kupita kukapuma kwawo. Ife anatigulitsira limodzi ndi makwerero, tinangosintha malaya.

Patapita zaka zambiri, mlongo wanga anandiuza kuti mwana wake uja ali konkuno ku Dubai, akulera ana m'nyumba ya anthu ena. Banja linali litatha, ndipo ana ake anawasiya kwa agogo awo. Ine zonsezi ndinkazimva koyamba.

Tinakumana ku Karama tsiku lake lopuma, m'kalesitilanti ka Amwenye. Anali mayi wamkulu tsopano. Pogwira kapu ya tiyi ndinaona kuti dzanja lake lamanzere silitambasuka bwino. Ndinafunsa. Anafotokoza mosakweza mawu, maso ali pathebulo. Mwamuna uja anayamba kumumenya mwana wachiwiri atangobadwa. Mayiyu ankathawira kwa nkhoswe yake, mphwanga uja, amene ankapita kukakamba, n'kupatsidwa mpando ndi thobwa, n'kubwerako akunena kuti banja n'kupirira. Mwamunayo anazolowera. Ankanena pamaso pa anthu kuti mkazi wake alibe omuyankhulira. Dzanjalo linathyoka tsiku limene anachoka.

Mkwiyo unandikwera. Zaka zimenezo mafoni anali atafika kale mpaka kwa ogulitsa tomato, ndipo nambala yanga aliyense kumudzi anali nayo.

"Bwanji sunandiuze?" ndinamufunsa. "Ine ndinali wamoyo. Ndikanabwera kudzamuonetsa kuti uli ndi kwanu."

Anatakasa tiyi amene anali atazizira kale.

"Ndinkafuna kukuuzani, malume," anatero. "Koma kuntchito akanakulolani kubwera?"

Sanafunse mokwiya ayi. Anali atagwira ntchito m'nyumba ya eni nthawi yokwanira kuti yankho alidziwe yekha, ndipo ankandimvera chisoni. Ndikanakonda akanandikalipira.