Mpanda Umene Unaphuka

Ndikukumbukira chaka chimene kwathu ku Malengachanzi kunabwera lamulo lomangirira agalu. Galu wina wachiwewe anali ataluma anthu kumsika, ndiye alangizi a ziweto analengeza kuti kwa miyezi iwiri galu aliyense akhale pachingwe. Wopezeka akuyendayenda aomberedwa. Ine ndinali mu Sitandade 5, kamtsikana kamakani koopsa, ndipo ndinali ndi galu wanga wofiirira, dzina lake Tilekeni.

Tilekeni chingwe sankachidziwa chibadwire. Titamumangirira pamtengo wa mango, anauwa masiku awiri mpaka mawu kusasa, kenako anangoti zii. Khosi linanyuka, kudya anasiya. Ngakhale mitu ya usipa ankangoinunkhiza n'kuyang'ana kumbali. Bambo ananena mosabisa kuti akapitiriza chonchi afa, komanso tikamumasula mfuti imupeza. Ndinalira mpaka maso kutupa.

Pakona pa bwalo la mpira, bwalo la mudzi wonse, panali kakhola kakale komwe ankabayirako agalu katemera. Mpanda wake unali utagwa kalekale, mkati muli thengo ndi mabotolo osweka. Tsiku lina ndinawaimitsa alangizi aja ali panjinga, ndinagwada, n'kuwafunsa ngati galu amene ali mumpanda amatengedwa ngati woyendayenda. Anaseka, nati ayi, bola mpandawo ukhale woti galu sangatuluke.

Abale inu, chisangalalo chake! Pofika madzulo ana onse okhala ndi agalu anali atamva. Tinatchetcha thengo lija, tinatola mabotolo, tinatuta mchenga kunyanja ndi mabeseni pamutu n'kuuwaza pansi kuti agalu asabayidwe ndi minga. Tinakwirira mphika wakale mpaka m'khosi kuti muzikhala madzi akumwa, ndipo anyamata anamanga kachisakasa ka bango kuti pakhale mthunzi. Tikaweruka kusukulu, yunifolomu sitinkavula n'komwe.

Kapitawo wa ntchito yonseyi anali mnzanga wapamtima, Asiyatu, amene analibe galu ndipo sakanakhala naye. Kwawo ndi Asilamu. Malovu a galu kwa iwo ndi najisi: akakukhudza, umayenera kusamba pamalopo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Choncho Asiyatu ankalamulira ataima pachulu, manja m'chiuno, kutali ndi michira. Koma ndi iyeyo amene anakoka ukonde wakale wa bambo ake kudzatipatsa, ndipo mabowo ake ankawasoka ngati msodzi weniweni.

Chimene chinatisowa ndi nsichi. Mitengo yeniyeni akanatipatsa ndani? Koma kwathu chinangwa sichisowa, ndipo mitengo yake inali milumilu m'mbali mwa minda, ikudikira mvula. Tinapempha yaitaliyaitali, tinaizika mothinana, n'kukulunga ukonde kuzungulira. Ana obadwira m'chinangwa ife, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira kuti tikudzala munda.

Tsiku lotsegulira sindidzaliiwala. Nditangomasula chingwe, Tilekeni anaima kaye ngati sakukhulupirira. Kenako liwiro! Anazungulira mpanda wonse, mchenga uli kobo, anagubuduzika, analowetsa mutu mumphika, n'kuyambiranso. Agalu anzake anamutsatira, ife tikukuwa ndi kuvina kunja. Tsiku limenelo anadya mpaka kunyambita mbale.

Mvula yoyamba itagwa, mpanda wathu unaphuka. Timasamba tanthete, tobiriwira bwino, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ife m'malo mochita mantha tinayamba kudzitama kuti mpanda wokongola chonchi kulibe ngakhale kuboma. Amayi ena ankabwera kudzathyola chigwada, ife n'kumawadandaulira mwaulemu kuti atisiyireko. Za mbuzi sitinaganize ngakhale pang'ono.

Loweruka lina m'mawa galimoto ya anthu a mfuti inaima tsidya lina la bwalo. Ine ndinali kumjigo, kutunga madzi a agalu. Ndikubwerera, ndowa ili pamutu, ndinaona mbuzi zitatu zitaimika miyendo yakutsogolo paukonde, zikulimbirana masamba apamwamba. Mtengo wa chinangwa mukuudziwa, ulibe mphamvu. Mitengo ija inangoti thyo, thyo, ukonde pansi. Agalu ena eni ake anali pomwepo ndipo anawagwira. Tilekeni yekha anadumpha n'kuyamba kupirikitsa mbuzi, ndipo mbuzizo zinalunjika kugalimoto kuja. Ndinataya ndowa, ndinakuwa dzina lake, koma ndinali kutali. Ndinaona bambo wina akukweza mfuti.

Asiyatu anali akudutsa pabwalopo kuchokera kumadarasa, atafunda mpango wake woyera. Sanaime kuti aganize. Anadziponya pa Tilekeni, onse awiri n'kugubuduzika m'matope, ndipo anamukumbatira khosi ndi manja onse awiri. Chitsiru cha galu chija chinayesa masewera. Chinamunyambita masaya, mphuno, makutu, paliponse.

"Galuyu ndi wako, mwana iwe?" anafunsa bambo wa mfuti uja.

"Ndi wa mnzanga," anayankha Asiyatu, maso ali tsinzi. "Koma sakuyendayenda, bambo. Ali m'manja."

Bamboyo anatsitsa mfuti, akupukusa mutu, anzake ali m'galimoto akufa ndi phwete.

Tinapita kunyanja dzuwa lili pamutu. Asiyatu ankasamba, ine ndikuwerenga maulendo ake mokweza, ndipo ulendo wa dothi anadzipaka nkhope yonse mpaka ndinalephera kudzigwira. Anandilalatira kuti ndikasekanso chinansi chitha, koma nayenso ankangobisa kuseka. Chimene ndinkaopa kwambiri chinali mayi ake. Anabwera ndi sopo, anachapa mpango uja, kenako ananditembenukira.

"Mpanda wa chinangwa, ana inu? Mumayesa mbuzi zili pa swaumu, zikusala kudya?"

Mawa lake bambo anga ndi bambo a Asiyatu anabwera ndi nsungwi, natimangira mpanda woti ngakhale ng'ombe ikanaulephera. Tilekeni anathamanga mmenemo mpaka lamulo linatha, ndipo anadzafa ndi ukalamba ine ndili kusekondale.

Lero pakona paja pali timagolosale ndi malo otchajira mafoni. Agalu amabayidwa katemera chaka ndi chaka, ndipo ana anga ndikawauza kuti mfuti inkayenda m'mudzi kusaka agalu amayesa ndikuwonjezera. Asiyatu amagulitsa mpunga kuboma, ndi mayi wa ana anayi, ndipo chichitikire zija sanakhudzenso galu. Ine ndili ndi agalu awiri, chingwe ndimadana nacho mpaka pano, ndipo aneba anatopa kundidandaulira. Koma Asiyatu akangoimba foni kuti akubwera, ndimawamangirira onse awiri kuseri kwa nyumba iye asanafike pageti, popanda wondiuza.