Phungu wa dera lomwe linatha

Ndinali namwino pachipatala china pafupi ndi Chintheche pamene bambo wina wakumzinda kwathu anatulukira kumeneko. Ndinawaona pamaliro ku Bandawe, atakhala kutsogolo kwa azibambo, jekete ili pathupi ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Atangotsokomola ndinawazindikira. Anali phungu wathu wakale.

Ine ndinakulira mumzinda kumwera, m'dera la nyumba zothithikana. Chiyambire zipani zambiri, dera lathulo silinatumizepo munthu mmodzi kawiri ku Nyumba ya Malamulo. Tinayamba ndi mwini mabasi, amene atangopambana anasamukira kumayadi. Kenako tinasankha mayi wina wogulitsa zitenje, koma anagwa chifukwa cha ngalande yomwe anaisiyira panjira. Bambowa ndiwo anali omaliza. Mayi anga mpaka anawavinira pamsonkhano. Kenaka malire a madera anadulidwanso, ena anatiponya uku, ena uko, dera lathu n'kutheratu. Dzina lake linaleka kumveka pawailesi, nawonso bambowa anangozimirira.

Mwambo wa maliro utatha anabwera molunjika pomwe ndinaima.

"Inu si mwana wa mayi aja a kuseri kwa chigayo?"

"Ndine ndithu, bwana."

"Zaubwana tinazisiya kutauni, chemwali. Kuno n'kwathu. Mayi anga anabadwira pompano."

Ndinangomwetulira. Pamisonkhano yonse ija ankadziguguda pachifuwa kuti ndi mwana wa m'dera lathu, wobadwira pafupi ndi msika. Zakunyanja sanazitchulepo.

Eni nyumba yomwe ndinkachita lendi anali mayi amasiye achitonga, alimi a chinangwa. Ndinawapeza akusenda chinangwa choti akaviike, ndipo sanadikire kuti ndikhale pansi.

"Anesi, ada a jekete aja, bambo munkacheza nawo kumaliro, mumadziwana nawo?"

Ndinawafotokozera zonse.

"Mayi awo ndi akuno, zimenezo n'zoona," anatero. "Koma iwowa ngakhale pamaliro a amalume awo sanaoneke. Lero akufuna chiyani?" Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana. "Nanga inu anakutumizani kuno ndani?"

"Boma, ama."

"Boma," anabwereza, n'kupitiriza kusenda.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha. Odwala ankandifunsa monong'ona kuti abale anga aja aimira chipani chanji. Maneti a udzudzu atabwera, kunamveka kuti agula ndi iwowo, ndipo ine ndikugawira okhawo amene alonjeza kuwavotera. Mayi wina woyembekezera anakana neti pamaso panga. Ndinayamba kuwazemba bambowa, ndikaona lole yawo pamsika ndinkakhotera m'golosale.

Iwo sanatope. Ankapereka moni m'Chitonga chopunduka mpaka ana kuseka, koma mawa lake ankaperekanso. Lole ija inkanyamula maliro mwaulere. Ankagula mpunga ku Limphasa pamtengo woposa wa mavenda. Anthu ankalandira zonsezi n'kuthokoza kuti "yewu, ada," bambowo akatembenuka n'kuyamba kutsinana. Nanenso ndinkaona ngati ndikuonera gule yemwe ndinamuonerapo kale.

Chisankho chitayandikira, tonse tinadikira tsiku loti alengeze kuti aima. Silinafike. Lole yawo lero inkanyamula otsatira chipani ichi, mawa chinacho. Amene anapambana anaoneka akudya kunyumba kwawo, koma amene anagonja nayenso anadyako sabata yomweyo. Eni nyumba anga anati munthu wotere ndiye woopsa kuposa woimayo.

Tsiku lina anabwera kuchipatala akudandaula mutu, ndipo wowathandiza ndinali ine. Ndikuwamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi, ndinalimba mtima.

"Bwanji simunaime?"

Anayang'ana kudenga.

"Kugonja ndikanapirira, chemwali. Koma ine sindinagonje. Ndinangodzuka dera kulibe. Anzanga anagawana anthu anga ine ndili pomwepo."

"Ndiye kuno mwabwera kudzapuma?"

"Magaziwo akuti bwanji?" anandifunsa.

Magazi anali okwera kwambiri. Ndinawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse mchere. Anathokoza n'kunyamuka.

Chaka chotsatira anandisamutsira kuchigawo chapakati. Mnzanga wina wakuchipatala kuja anandiuza posachedwa kuti bambowa akadali komweko, anamanga nyumba ya malata, ndipo tsopano ndi mkulu wa mpingo. Akuti Chitonga akuyankhula bwino. Akutinso mwana wawo wamkazi, amene anaphunzira zamalamulo, wayamba kuoneka pamaliro aliwonse.