Lawani Kaye, a Yusufu

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene a Yusufu anafika kwathu atanyamula kanthu kokulungidwa m'masamba a nthochi. Nkhondo yaikulu ija inali itangotha. A Yusufu anali Msilamu wa ku Boma la Kota Kota, ndipo analowa usilikali tsiku limodzi ndi atate, koma anabwerako okha. Ife tinangolandira kalata yoti atate anamwalira ndi malungo ku dziko la Bama.

Anthu a m'mudzi mwathu sanasowe chonena. Apita awiri, wabwera mmodzi, ndiponso wabwera ndi njinga yatsopano! Amene ankasonkhezera kwambiri moto umenewu anali azakhali anga, a Nasibeko, alongo awo a atate. Ankati munthu wobwera ku nkhondo osafotokoza kanthu ndiye kuti ali ndi chimene akubisa. Zinalidi zoona kuti a Yusufu sankalankhula. Mukakumana nawo ku doko ankangogwedeza mutu, maso ali pansi. Ine ndinkamvetsera zonsezi ndikupeta mpunga, ndipo ndinayamba kudana nawo ndisanalankhule nawo ngakhale kamodzi.

Tsikulo anafika m'mawa, natsamiritsa njinga pa mtengo wa mango. Amayi anawayalira mphasa monyinyirika. Atalonjerana, a Yusufu anamasula luzi n'kutambasula masamba aja. M'katimo munali mpunga, koma sunali mpunga umene ife, ana a dera la mpunga, tinkaudziwa. Unali wofiirira, womatana, wonyezimira ngati wadzozedwa mafuta, ndipo pamwamba anawazapo tizinthu tokazinga tofiira. Fungo lake la nazi, amene ena amati kokonati, ndi shuga wopserera linandigwira pakhosi. Malovu anadzaza m'kamwa, ndipo ndinadzikwiyira nazo.

"Ichi amachitcha biko," anatero a Yusufu. "Anatiphunzitsa Mfilipino wina amene ankaphika m'sitima ya pamadzi. Ndaphikira mwanayu."

Azakhali anayang'ana amayi, amayi nawonso anayang'ana azakhali. Mwamuna wamkulu ndithu kukhala pa mafuwa usiku wonse, kukuna nazi, kufinya, kutakasa, kuphikira mwana wa mwini wake? Shuga masiku amenewo ankasowa ngakhale m'masitolo a amwenye. Chinthucho chinali chokoma mopitirira, ndipo kwathu chokoma mopitirira chinkatiopsa.

Tinali ndi mwambo wathu. Munthu akabweretsa chakudya kapena thobwa pakhomo pa eni, ankayamba iye kulawa anthu akuona. Tinkati kuchotsa ufiti. Panalibe wokhumudwa nazo, unali ulemu chabe. Tsono tonse tinadikira kuti a Yusufu atsineko pang'ono, koma manja awo anali pa maondo.

"Lawani kaye, bambo," anatero azakhali.

"Sindingalawe, mayi."

"Mukusala kodi? Mwezi wanu wosala uja sunapite kale?"

"Sindikusala. Kungoti mwanayu ndiye…"

"Ehe!" Azakhali anaomba m'manja. "Mwamva, alamu? Atate ake sanakwane, tsopano akufuna mwana!"

A Yusufu anangokankhira masamba aja kwa ine, dzanja likunjenjemera. Ine kunjenjemerako ndinakuona ngati umboni. Ndinafuna kuonetsa azakhali kuti mwana wa mlongo wawo si chitsiru. Ndinanyamula mpunga uja ndi manja awiri, ukadali wofunda, n'kuuponyera galu wathu amene anagona pafupi ndi nkhokwe. Galuyo anameza zonse, mpaka kunyambita masamba. Ndinkadziwa bwino lomwe mmene Asilamu amamuonera galu, ndipo n'chifukwa chake sindinaponyere nkhuku.

A Yusufu anayang'ana galuyo nthawi yaitali, kenaka analankhula pang'onopang'ono, osayang'ana munthu.

"Ine ndi atate ako tinkatsuka miphika m'sitima muja. Mfilipino uja atatilawitsa, atate ako anati, 'Esinati wanga amakonda zotsekemera, ndikakafika ndikamuphikira.' Anaphunzira bwino kuposa ine. Ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, 'Ukamuphikire ndiwe. Koma ayambe iye kulawa, iwe usakanyambite ngakhale chala.' Ndasonkhanitsa shugayu miyezi itatu. Sindikudziwa ngati ndinaphika bwino, poti sindinalawe."

Anaimirira, natsanzika mwaulemu, nakankha njinga yawo osakwera mpaka anazimiririka m'chinangwa. Amayi analowa m'nyumba ndipo ndinawamva akulira. Azakhali anangoti, "Wochenjera sasowa nthano. Muoneni galuyo."

Ndinamuonadi galuyo, ndipo apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Masiku atatu ndinamulondola paliponse. Akagona pa dzuwa ndinkathamanga kukaona ngati akupuma, ndipo ndikapeza akupuma mtima unkandiwawa. Akatsokomola ndinkasangalala. Ine, mwana wa sukulu ya mishoni, ndinapemphera kuti galu wathu afe, chifukwa akanafa ndiye kuti ndinachita bwino. Koma galuyo anali wathanzi kuposa kale, akuthamangitsa mbuzi za eni.

Tsiku lachinayi ndinanamiza amayi kuti ndikukatola nkhuni, n'kuyenda wapansi mpaka ku Boma. Ndinafunsafunsa mpaka anandilozera nyumba ya a Yusufu, kuseri kwa mitengo ya nazi. Pakhonde ndinapeza mayi awo okalamba akusankha mpunga m'lichero. Anandiuza kuti mwana wawo anakwera sitima dzulo lake, wapita kukafuna ntchito ku Halale.

"Akanapita kalekale," anatero. "Ankati pali kantchito kamodzi kamene katsala. Iwe ndiwe mwana wa yani?"

Ndinathawa ndikulira njira yonse, ndipo a Yusufu sindinawaonenso.

Mwambo wolawa uja sindiunyoza. Unateteza anthu ambiri, ndipo azakhali anali ndi chisoni chawo chimene chinkasowa pogwera. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti munthu uja anayamba kufotokoza, ife tinamudula pakamwa, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Kukayikira kukakhazikika mumtima, munthu safunanso kudziwa zoona. Amangofuna kuti choipa chimene akuganizacho chipezeke, ngakhale chimutayitse galu wake.

Ndakalamba tsopano, ndipo mpunga wa nazi ndi shuga ndauphika kambirimbiri, mongoyerekeza fungo ndi maonekedwe. Adzukulu anga amati ndi wokoma. Mwina ndi wokomadi, koma palibe amene angandiuze ngati ukufanana ndi uja. Atate ananditumizira chinthu chimodzi chokha kuchokera ku nkhondo, chinafika mpaka m'manja mwanga chikadali chofunda, ndipo mpaka lero sindidziwa kukoma kwake.